Milomo ikuimba zina, nyimbo ikumveka zina: kupeza chalakwika pa vidiyo ndi kuchikonza

Uthenga wa woimba umakonda kubwera usiku, vidiyo itapita kale kwa mwiniwake. "Achimwene, ntchito mwagwira, komatu taonani pa kolasi yomaliza, pakamwa panga pakuchedwa." Mukatsegula, poyambira zonse zili bwinobwino. Kufika mphindi yachitatu, munthu watseka kale pakamwa mawu akutulukabe, ngati mafilimu omasuliridwa aja timaonera m'mavidiyo sho. Kusiyana kwake n'kwakuti ku vidiyo sho anthu amaseka mokondwa, pamene apa akuseka woimba amene wakulipirani.

Ndajambulapo oimba a nyimbo zauzimu, makwaya, ndi anyamata a hip hop, ndipo palibe vuto landibwezera ntchito kawirikawiri ngati limeneli. Kuwala kukachepa anthu amakhululuka, chovala chikapanda kukhala bwino amangoti ndi sitayilo. Koma milomo ikasemphana ndi mawu, ngakhale agogo amene sanagwirepo kamera amaona.

Chimene ambiri timachita tikaona vutoli ndi kuthamangira kudula tizidutswa ndi kumatikankha, apa mafulemu (tizithunzi totsatizana timene timapanga vidiyo) awiri, apo anayi, mpaka tambala woyamba. Musatero. Kusemphana kumeneku kuli mitundu itatu, uliwonse ndi gwero lake, ndipo mukadziwa mtundu wake mankhwala ake satenga ndi ola lomwe.

Muyambe mwakayikira makutu anu. Ngati mukukonza vidiyo mutavala mahedifoni a Bluetooth, avuleni. Amachedwetsa mawu, nthawi zambiri ndi mamilisekondi oposa 100, ndiye mumakankha nyimbo kuti igwirizane ndi zimene inu mukumva, n'kuwononga chinthu chimene chinali cholondola. Ine zinandichitikira kamodzi, ndinakonza vidiyo yonse ya kwaya imene inalibe vuto. Gwiritsani ntchito mahedifoni a waya kapena masipika olumikiza ndi waya. Laputopu yofooka nayo imanama: ikalemedwa imadumpha mafulemu, chithunzi n'kumatsalira. Tulutsani kachidutswa ka masekondi 20, mukaonere pa VLC, pulogalamu yoonerera mavidiyo, ndipo mukhulupirire chimenecho.

Mukatero yezani malo atatu: koyambirira kwa nyimbo, pakati, ndi kumapeto. Poyeza musayang'ane nkhope yonse. Funani mawu amene amatseketsa milomo, okhala ndi b, p kapena m. Chichewa chathu chili nawo ambiri: Mbuye, bambo, pemphero, moyo, mama. Yendani fulemu imodziimodzi mpaka pomwe milomo yakhudzana, muone ngati pamenepo ndi pomwe liwulo likuyambira pa mzere wa mawu, uja umaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu mu pulogalamu yokonzera. Lembani papepala kuti zasiyana mafulemu angati pa malo atatu aja. Manambala atatuwo ndi amene akuuzeni kolowera.

Zasiyana mofanana paliponse

Ngati koyambirira ndi mafulemu atatu, pakati atatu, kumapeto atatu, thokozani. Sankhani zithunzi zonse za kujambula kumeneko, zikankheni mafulemu atatu, mwathana nazo. Komabe n'kofunika kudziwa chinachititsa, chifukwa mawa chibweranso.

Kawirikawiri ndi mtunda. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Pa vidiyo ya mafulemu 25 pa sekondi, fulemu imodzi ndi mamilisekondi 40, kutanthauza kuti mamita 14 alionse amadya fulemu imodzi. Tsono taganizani: muli kunyanja ku Senga Bay, sipika mwaiika pafupi ndi kamera pamchenga, woimba mwamukweza pamwala mamita 40 uko kuti mutenge chithunzi chachikulu. Nyimbo ikumufika mochedwa ndi mafulemu atatu. Iye akuimba molondola malinga ndi zimene akumva, koma maiki ya kamera yamva nyimboyo msanga, ndipo pulogalamu yanu ikamalumikiza imatsata zimene kamera inamva. Zotsatira zake, mawu amatsogola milomo n'kumatsalira.

Kumeneku ndiye kusemphana koipitsitsa. Diso la munthu linazolowera kuona kaye, kumva pambuyo, monga timaonera munthu akuwaza nkhuni kutsidya kwa dambo, nkhwangwa itatsika kale phokoso n'kumabwera. Bungwe la ITU, limene limaika miyezo ya zoulutsa mawu, linapeza kuti anthu amayamba kuzindikira mawu akatsogola ndi mamilisekondi 45 okha, koma akatsalira amafika mpaka 125 asanazindikire. Choncho sipika izikhala pafupi ndi woimba, yobisika kuseri kwa mwala kapena mtengo, osati pamapazi a wojambula. Ndipo mukakayika pakati pa mafulemu awiri, sankhani yoti mawu atsalire pang'ono.

Makwaya ndiye amavuta zedi. Amayi 40 aima mizere pabwalo la tchalitchi, sipika imodzi yaing'ono ili kumapeto kumodzi. A kufupi akumva bwino, a kutali sakumva kanthu, akungotsatira anzawo. Kolasi ikakoma onse amakweza mawu, n'kuiphimba sipika ija, n'kuyamba kuthamanga okha. Pamenepo palibe pulogalamu ingakupulumutseni. Bwerekani sipika yaikulu ya pa tchalitchi pomwepo, kapena ikani ziwiri, koma zonse zilumikizidwe ndi waya. Imodzi ikakhala ya waya ina ya Bluetooth, mbali ziwiri za kwaya ziimba nthawi zosiyana.

Palinso woimba amene amangogwedeza milomo osatulutsa mawu, mwina chifukwa cha manyazi anthu akadzaza pamsika. Ameneyo amatsalira nthawi zonse, popeza akudikira amve kaye kenako atsanzire. Muuzeni aimbe mokweza ngati ali mu situdiyo. Misempha ya pakhosi imaonekanso pa chithunzi, ndipo ndi imene imachititsa woonera kukhulupirira.

Kanthu kena kakang'ono: MP3 imakhala ndi kachete kochepa koyambirira, pafupifupi mamilisekondi 25, kamene kamalowa pamene fayilo ikupangidwa. Mukakonza vidiyo yonse ndi MP3, kenako n'kulowetsa WAV (fayilo ya nyimbo yosafinyidwa) m'malo mwake tsiku lomaliza, yezaninso. Musangoganiza kuti zakhala pamodzimodzi.

Kusiyana kukukulirakulira

Apa ndi pomwe anthu amataya usiku wonse pachabe. Koyambirira zili bwino, pakati mafulemu 30, kumapeto 60. Tengani kusiyana kwa kumapeto mu masekondi, mugawe ndi kutalika kwa nyimbo. Yankho lake limaloza wolakwa.

Likakhala pafupifupi 0.1 peresenti, ndiye kuti penapake nambala ya mafulemu pa sekondi ya 23.976 yawerengedwa ngati 24, kapena 29.97 ngati 30. Makamera ambiri amalemba 24 kapena 30 pa menyu pamene akujambula 23.976 kapena 29.97. Pa nyimbo ya mphindi zinayi zimasiyana ndi kota ya sekondi, mafulemu asanu ndi imodzi, zokwanira kuchititsa manyazi pa kolasi yomaliza. Likakhala 4 peresenti, ndi 24 ndi 25 zasinthanitsidwa, ndipo pofika kumapeto mwasiyana pafupifupi masekondi 10. Dziwani kuti kungoika chithunzi cha 24 pa timeline (poyalira zithunzi ndi mawu pokonza) ya 25 sikubweretsa vutoli, pulogalamu imasunga kutalika kwake. Limabwera pamene wina wasintha nambala mu pulogalamu yokonzera, monga mu Interpret Footage pa Premiere Pro kapena mu Clip Attributes pa DaVinci Resolve, kapena kamera inasiyidwa osadziwa pa S&Q, njira yojambulira zithunzi zochedwa kapena zothamanga. Bwezani nambala yake yeniyeni, zonse zibwerera m'malo.

Likafika pakati pa 8 ndi 9 peresenti, mawu n'kumamvekanso okwera ngati woimba wabwerera ku ubwana, ndiye kuti fayilo ya mawu ya 44.1 kHz ikuseweredwa ngati 48 kHz (manambalawa amaonetsa tizidutswa ta mawu timene timawerengedwa pa sekondi). Masitudiyo a nyimbo ambiri amatulutsa pa 44.1, pamene vidiyo imayendera 48. Mapulogalamu a masiku ano amadziwa kusintha okha, ndiye vutoli lachepa, komabe ine ndimapempha pulodyusa anditumizire WAV ya 48 kHz kuti ndisadalire mwayi.

Koma likakhala nambala ina yosadziwika, monga 1 peresenti kapena 2, musavutikenso ndi kamera. Nyimbo imene munajambulira si imene muli nayo pa timeline. Mwa zonse ndalembazi, ichi ndicho chofala kwambiri kwathu kuno, ndipo si cha makina ayi, ndi cha anthu.

Zimayenda chonchi. Woimba wapeza ndalama ya vidiyo, safuna idyeke, akuti tijambule Loweruka. Nyimbo sinathe, pulodyusa wangomupatsa yongomvera pa WhatsApp. Mwajambula. Sabata ziwiri zikudutsa, kukubwera fayilo ina, "iyi ndiye yeniyeni, madala." Mkati muja pulodyusa anaona kuti biti ikugona, anaikweza kuchoka pa 100 BPM (kugunda 100 pa mphindi) kufika pa 101. Khutu silingamve kusiyana. Koma pa mphindi zinayi ndi masekondi 2.4, mafulemu 60. Nthawi zina tempo, liwiro la nyimbolo, sanaikhudze koma anadula koyambirira, kapena woimba anabwereranso mu situdiyo kukaimbanso vesi yachiwiri mwa mtundu wina, apa wakoka liwu, apo wapuma posiyana. Zoterezi siziyenda pang'onopang'ono, zimangolumpha pamalo amodzi.

Kuti mutsimikize, ikani mafayilo awiriwo pa timeline, ina pamwamba ina pansi, mufananitse kugunda koyamba kwa ng'oma, kenako pitani kumapeto mukaone. Ngati ndi tempo yokha, sinthani liwiro la zithunzi, osati la nyimbo. Kuthamangitsa chithunzi ndi 1 peresenti palibe angaone, koma kutambasula masta, fayilo yomaliza ya nyimbo, kumawononga mawu ndipo vidiyo isiyana ndi nyimbo imene ili pa wailesi. Ngati vesi inaimbidwanso, muli ndi njira ziwiri: kubisa malo osemphanawo ndi zithunzi zina, za ovina, za msewu, za nkhani ya mu nyimbo, kapena kukajambulanso vesi imeneyo. Muuzeni woimbayo poyera kuti vuto lachokera pati, mumuonetse mafayilo awiriwo. Apo ayi dzina loipa likhala lanu.

Pena zili bwino, pena zasemphana, penanso zabwerera

Uku ndi kwa mafoni. Kamera yeniyeni ikati 25, imajambula mafulemu 25 sekondi iliyonse. Foni imasintha yokha: kukada imachepetsa mafulemu kuti ilowetse kuwala, ikatentha padzuwa la Okutobala imachepetsanso. Pa foni pomwepo chithunzi chimaoneka bwino, koma pulogalamu yokonzera ikachiwerenga ngati chokhazikika, milomo imayamba kusambira, pena kutsogolo pena kumbuyo. Zojambula pa sikirini ndi tizidutswa totsitsa pa TikTok kapena Facebook nazo zimakonda kukhala choncho.

Tsegulani fayiloyo ndi MediaInfo, pulogalamu yaulere. Mukaona Frame rate mode yalembedwa Variable, mwamupeza. Mankhwala ake ndi HandBrake, yaulerenso: pa tsamba la Video sankhani 25 pa Framerate, chongani Constant Framerate, ndipo RF, nambala ya kafinyidwe ka chithunzi, muike pa 18 kapena kutsika kuti chithunzi chisaonongeke. Chitani zimenezi musanayambe kudula chilichonse. Ngati munadula kale, tulutsani mafayilo atsopanowo ndi kuwalowetsa m'malo mwa akale ndi Replace Footage, kenako muyendemo kuona malo amene asuntha. Premiere ilinso ndi Preserve Audio Sync ya mafayilo oterewa, imathandiza pa tizidutswa tatifupi, koma pa kujambula kwa nyimbo yathunthu ine sindiidalira.

Tsiku lojambula, amene ali ndi iPhone alowe mu Settings, Camera, Record Video, ayatse Show PAL Formats kuti apeze 25, ndi kuzimitsa Auto FPS. Pulogalamu ya Blackmagic Camera, imene ndi yaulere pa iPhone ndi mafoni ena a Android, imalola kukhoma mafulemu ndi shutter, nthawi imene fulemu iliyonse imalowetsa kuwala. Chifukwa chosankhira 25 ndi magetsi athu, amene amayenda pa 50 Hz. Mukajambula pa 30 kapena 60 pansi pa mababu a mu holo kapena mu kalabu, mupeza mizere ikuyenda pa chithunzi, vuto lina pamwamba pa linzake. Shutter ya 1/50 kapena 1/100 imathetsa zimenezo.

Za slow motion

Aliyense amafuna chithunzi chija chovala chikuuluka pang'onopang'ono, milomo ikuimbabe pa nthawi yake. Sichichitika pa kompyuta, chimachitika pojambula. Mukafuna kuchedwetsa ndi theka, jambulani pa mafulemu 50 pa sekondi ndipo nyimbo muiseweretse pa liwiro la 200 peresenti, woimba aimbe mothamanga choncho. Mukadzachedwetsa chithunzi kufika pa 25, milomo igwera pa nyimbo yeniyeni. Pa nyimbo yodekha yauzimu zimatheka, ngakhale anthu amayamba aseka kaye. Pa mnyamata wa rap amene amathira mawu ngati matalala, iwalani. Kwa iye jambulani pa 30, nyimbo pa 120 peresenti, ndipo pokonza muwerenge chithunzicho ngati 25. Kuchedwa kwake n'kochepa koma kumaoneka, ndipo lilime limakwanitsa. Mafayilo othamangitsawa akonzeni kunyumba dzulo lake, muwalembe maina omveka, chifukwa mawu a kamera pa zithunzi zimenezi sangalumikizike okha ndi masta, mudzalumikiza ndi maso.

Pa kompyuta zinali bwino

Nthawi zina timeline ilibe vuto, koma woimba akuumirira kuti pa foni yake zikusemphana. Yambani ndi fayilo imene munatulutsa, muionere pa VLC. Ngati yasemphana pamenepo, onani ngati nambala ya mafulemu potulutsa ikufanana ndi ya timeline. Tulutsani vidiyo ya mtundu wa H.264, mawu a mtundu wa AAC pa 48 kHz, mafulemu okhazikika. Pa DaVinci Resolve kumbukirani kuti nambala ya timeline imakhomeka mukangoikamo zithunzi, choncho muisankhe musanalowetse kanthu.

Ngati fayilo yanu ili bwino, funsani mmene inafikira kwa iye. WhatsApp imafinya vidiyo ikatumizidwa mwachizolowezi, ndipo ikadutsa m'mafoni atatu kapena anayi, wina n'kuidula kuti aike pa status, sikhalanso ija munapanga. Tumizani ngati Document, kapena pa Google Drive, kapena pa fulashi. Inde bandulo imapweteka, koma ndi yotchipa kuposa kukangana. Mufunseninso akumvera pa chiyani. Kangapo konse ndapeza kuti wodandaulayo wavala timahedifoni ta Bluetooth totchipa, kapena TV yake yalumikizidwa ku sipika ina imene ikuchedwetsa mawu.

Tizidutswa totsatsira nyimbo pa TikTok ndi Instagram tizidulidwa kuchokera pa fayilo yanu yaikulu, osati pa yotsitsa ku YouTube. Ndipo woimba akafuna kuikapo nyimbo yochokera mu laibulale ya TikTok kuti anthu aigwiritse ntchito, muchenjezeni kuti iyenera kuyambira pa liwu lomwelo limene kachidutswako kakuyambira. Ambiri amangoiponyapo, n'kumadzakuimbirani inu. Za ku wailesi za kanema, kaya ndi MBC, Times, Zodiak kapena Mibawa, funsani kaye mtundu wa fayilo umene amalandira musanapite nayo. Kupereka ya 25 kumachepetsa mpata woti isinthidwenso kumeneko.

Fayilo yoseweretsa

Zambiri mwa izi zimapeweka ndi ntchito ya theka la ola usiku woti mawa mujambula. Tengani masta yomaliza, ya WAV. Kutsogolo kwake ikani kugunda kunayi pa tempo ya nyimbo, kuti woimba adziwe polowera ndipo inu mudzakhale ndi timinga tinayi toonekera bwino pa mzere wa mawu. Idulenso m'zigawo, vesi yoyamba, kolasi, vesi yachiwiri, chilichonse ndi kugunda kwake, kuti musamayambire nyimbo pachiyambi dzuwa likulowa. Iikeni pa foni imene simulowa mafoni, kapena muiike pa flight mode, chifukwa wina aimba ndithu pakati pa kujambula kwabwino kuposa konse. Sipika muitchaje mokwanira, magetsi sadalirika, ndipo sipika ya Bluetooth ikafooka kapena foni ikatalikira imadumpha tizigawo ta nyimbo, kujambulako n'kukhala kosagwirizana ndi masta kuyambira pamenepo.

Maiki ya kamera ikhale yoyatsa nthawi zonse, ngakhale mawu akewo simudzawagwiritsa ntchito. Ndi amene Synchronize ya Premiere ndi Auto Sync Audio ya Resolve zimadalira polumikiza zithunzi ndi nyimbo. Onani kuti sakuphulika chifukwa cha kukweza kwa sipika, ndipo kunyanja kapena pa phiri la Zomba muphimbe maikiyo ku mphepo. Makamera akakhala awiri, wina awombe m'manja pamaso pa onse awiri nyimbo isanayambe.

Pomaliza pake ndimachita chinthu chimodzi chimene poyamba oimba ankandiona nacho ngati wovuta. Ndisanatulutse kamera m'chikwama, ndimamuseweretsa woimba fayiloyo yonse, n'kumufunsa kuti, "Akulu, iyi ndi imene ipite pa wailesi?" Akavomera ndimamutumizira fayilo yomweyo pa WhatsApp ndi mawu oti tajambulira iyi, nyimbo ikasintha kukonzanso kuli ndi mtengo wake, ndipo ndimadikira ayankhe. Akayamba kuti pulodyusa akungomalizitsa pang'ono, timasuntha tsiku.